Zala Zofiira za Mwantumu

Masiku ano ndikadutsa pa mjigo wa ku Kanyenjere dzuwa litapendeka, ndimaona amayi ataima pamzere, aliyense foni ili kukhutu, ndowa ikusefukira osaiona. Ndisanapite ku Joni pamalo pomwepa panali chitsime chokumba ndi manja, ndipo phokoso la amayi linkamveka mpaka kumsewu wa ku Luwawa. Malemu mkazi wanga Linily NyaJere ankapita kukatunga ndowa imodzi yokha n'kubwerako kukuchita chisisira, akuseka yekha m'njira ndi nkhani za mudzi wonse. Ndabwerera ndili ndi imvi, iye ali kumanda, ndipo pamjigo anthu sasekanso.

Pa mjigo umenewu ndi pamene zinayambira. Khansala wathu anali atangomwalira, munthu wathanzi lake, anangogwa akumanga ng'ombe pangolo. Kunalengezedwa chisankho chapadera. Opikisana anali awiri: mwana wa konkuno, amene anyamata ankamuimbira nyimbo zakuti dera lino ndi la eni nthaka, ndi mayi wina wa ku Jenda, amene amalonda ndi aphunzitsi obwera ankamukonda chifukwa analonjeza mlatho. Wotsogolera anyamata aja anali Chikomeni, wakabaza wa njinga yamoto, mnyamata wapakamwa pokoma.

Madzulo ena Esme NyaMoyo akupopa madzi, foni yake inalira. Unali uthenga wa mawu pa gulu la watsapu la m'mudzi, wochokera ku nambala yosadziwika. Esme anaukweza kuti onse amve. Munthu wamwamuna, wa mawu osasa ngati akulankhulira mumtsuko, ankati iye ndi mfiti yolapa. Ankati khansala sanafe imfa ya Mulungu. Ankati obwera apangana kudzutsa akufa a ku Kanyenjere ndi kuwasandutsa ndondocha, kuti pa tsiku la chisankho adzavote m'malo mwa amoyo. Akufa sanyika chala mu inki, anatero, amanyika m'magazi, ndipo amene amawagwira dzanja powanyikitsa mudzamudziwa ndi zala zake.

Mjigo unasiya kulira.

"Zimitsani, NyaMoyo. Zinthu zimenezo samvera panja," anatero mayi wina.

"Nditumizireni kaye," anatero mnzake.

Kutacha, anthu opita kumadimba anapeza mapazi pafumbi. Anali a anthu ambiri osavala nsapato, oyenda pamzere umodzi kuchokera kumanda mpaka kusukulu ya pulaimale, kumene timavotera. Mmodzi wa iwo ankakoka mwendo. M'njira monsemo munkanunkha dothi lonyowa, longofukulidwa kumene, chikhalirecho mvula inali italeka kalekale ndipo udzu unali utauma gwa. Mapaziwo anathera pakhomo la kalasi. Mapazi obwerera sanaoneke.

Kuyambira pamenepo mudzi unayamba kugona nkhuku zisanalowe. Dzuwa likangolowa kunkamveka likhweru m'mabulugama a kumanda, lalitali, lotsika pang'onopang'ono, ndiye agalu onse n'kuyamba kulira. Mkulu wina wowotcha makala anapezeka atauma m'mbali mwa njira ya mapazi ija, maso ali tong'o. Aliyense ankadziwa kuti mkuluyo ankamwa kachasu osadya, koma pamaliro pake panalibe anatchula za kachasu. Ankangoti anakumana nawo.

Tsiku lina Chikomeni anaimika njinga pakhomo panga, navula chipewa mwaulemu.

"Dada, pepani chomene. Amama NyaJere awaona. Anali pakati pa mzere, atavala duku lawo la umanyano, la amayi a kutchalitchi."

"Wawaona ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Tchula mmodzi ndikamufunse."

"Zili pa foni, dada. Mbwenu mukufuna akazi anu akavotere munthu wa ku Jenda?"

Ndinamuthamangitsa. Koma madzulo amenewo likhweru litalira, ndinadzipeza ndaima pawindo ndikuyang'ana kunjira. Ndi mmene chinthuchi chimagwirira munthu. Sichipempha kuti uchikhulupirire, chimangofuna kuti usuzumire.

Pamphambano pamene njira yathu imakumana ndi msewu wa magalimoto a matabwa panali golosale ya Abdulkarim ndi mkazi wake Mwantumu, Asilamu ochokera cha ku Nkhotakota. Anakhala nafe zaka zambiri, Chitumbuka ankalankhula, pamaliro sankasowa. Anali ndi sola padenga, motero mafoni onse a m'mudzi, omwewo onyamula mawu a mfiti yolapa, ankatchajidwa pa shelefu yawo. Mwantumu ndi Esme anali paubwenzi wobwerekana mchere. Kamwana ka Esme, Philomena, kanaphunzira kuyenda kakugwira matumba a shuga m'golosale imeneyo.

Masiku a mapaziwa Mwantumu kunalibe. Anali ku Mzimba Boma ku ukwati wa Nasreen, mwana wa mchemwali wake. Kumeneko, monga mwa mwambo wawo, amayi anapakana hina m'manja, mankhwala a masamba amene amasiya khungu lofiira moderako ndipo sachoka ndi madzi mpaka atafufuta okha. Ku Kanyenjere kunalibe anazionapo, chifukwa maukwati a abale ake ankachitikira kutali ndipo iye ankabwerako zitatha.

Ali komweko, Philomena anatentha thupi. Uthenga wachiwiri unali utafika kale, mawu osasa omwe aja, wonena kuti anamwino obwera akamabaya mwana pachala poyeza malungo, amasunga magaziwo kuti akufa adzanyikemo. Esme anamanga mwana kumbuyo, nafika mpaka pamphambano, naima. Anayang'ana njira ya kuchipatala, anayang'ana foni, nabwerera kunyumba. Mwanayo anamwalira akukomoka m'manja mwake.

Mwantumu anatsika minibasi tsiku loika maliro, anthu atabwerako kale kumanda. Atamva, sanalowe n'komwe m'nyumba mwake. Anatenga ndowa n'kulunjika kumjigo kukatungira madzi anamfedwa, monga achitira amayi onse kuno. Ankalira m'njira. Pamjigo panali amayi ambiri, ndipo anamupatsa mpata. Iye anatulutsa manja m'nsalu yake nagwira chitsulo chopopera.

Mayi amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo mpaka kugwetsa ndowa.

"Zala!"

"Zala zatani?" anafunsa Mwantumu, akupukuta misozi ndi zala zomwezo.

"Mama wane, onani zikhadabo!"

Mfuu unafika kusiwa. Anthu anakhamukira kumjigo, amuna ndi akazi, ena atanyamula makasu amene anakumbira manda. Ine ndinafika ndikupuma movutika, n'kupeza Mwantumu ali pakati, akuseka kaseko ka mantha, akuonetsa manja ake mbali zonse.

"Ndi hina uyu, abale anga. Wa ku ukwati. NyaMoyo, m'bale wanga, auzeni."

Esme anamuyang'ana ndi maso otupa. Mumtima mwake munali funso limene linkamudya kuyambira pamphambano paja, lakuti mwana wamupha ndani, ndipo yankho lina lililonse linali lopepuka kuposa limene ankalidziwa.

"Unali kuti mwana wanga akufa?" anatero.

Chikomeni anakwera pa simenti ya mjigo natambasula manja ngati wofuna mtendere.

"Tisaweruze munthu popanda umboni. Ife ndife anthu a chilungamo. Ngati ndi zopaka, zichoka ndi sopo. Ngati ndi magazi a ufiti, sachoka. Asambe tione."

Gulu linavomera kuti wanena zanzeru. Anabweretsa sopo. Mwantumu anasamba, thovu linayera mbee, zala zinatsala zofiira. Anabweretsa phulusa. Anabweretsa mchenga. Kunkangomveka madzi akugwa pasimenti ndi agalu amene anali atayamba kale kulira cha kumanda.

Mayi Scholastica, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene anasankhidwa kudzagwira ntchito pa tsiku lovota, anadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Anthuni, hina sachoka tsiku limodzi! Ngakhale inki ya chisankho imatenga masiku. Mukufuna achite bwanji mayiyu?"

"Mwamva? Akudziwana!" anakuwa wina. "Inki ndi magazi, wanena yekha!"

Nanenso ndinalankhula. Ndinati ku Joni ndinkaona akazi achimwenye ndi achisilamu atapaka zomwezi pa zikondwerero zawo. Ndinati kumeneko ndinaonanso anthu akuotcha nyumba za ife obwera chifukwa cha mphekesera, ndipo zinkayamba chonchi.

"Dada, inu mwakhalitsa kunja, za kuno simuzidziwa," anatero Chikomeni. "Khalani pansi, mungagwe."

Anthu anaseka. Pamaliro a mwana, anaseka.

Ndiye wina anatola mwala wokhakhala umene amayi amatsukira mapoto. Amuna awiri anagwira dzanja la Mwantumu n'kulitsamiritsa pasimenti. Anapala. Mwantumu anakuwa, anaitana Mulungu wake, anaitana Esme ndi dzina. Anapalabe. Khungu linasupuka, ndipo madzi otsikira m'ngalande anasanduka ofiira.

"Magazi! Atuluka!"

"Ndi anga!" analira Mwantumu. "Ndi anga amenewo!"

Palibe anamva. Makasu anakwera m'mwamba. Abdulkarim, amene anyamata anali atamugwira kumbuyo, anapulumuka n'kudzigwetsa pamwamba pa mkazi wake, mpini woyamba n'kumupeza pamsana. Chimene chinawapulumutsa si ine, si mphunzitsi, si mpingo. Inali lole ya matabwa yochokera ku Luwawa. Dalaivala ataona chigulu pafupi ndi msewu anaganiza kuti ndi achifwamba, nayatsa nyali zonse n'kuliza hutala osalekeza. Anthu amene kwa masabata ankayembekeza zoopsa anabalalika ngati nkhuku. Abdulkarim anakokera mkazi wake kumsewu, nagwada kutsogolo kwa lole. Dalaivalayo anawakweza pamwamba pa matabwa. Asanafike pa tala, kumbuyo kwawo golosale inali ikuyaka, pamodzi ndi mafoni a anthu amene anaiwala kuti anawasiya pa shelefu.

Sabata yomweyo Mayi Scholastica anapempha kuti awasamutse. Anamwino awiri anachoka, amalonda ena onse anatseka zitseko. Pa tsiku la chisankho sukulu inali pululu. Obwera kunalibe, ndipo eni mudzi ambiri anaopa kunyika chala m'kabotolo kaja. Anavota ndi anyamata a Chikomeni ndi ife okalamba ochepa. Mwana wa konkuno anapambana, anagula mbuzi, anthu anavina ingoma. Apolisi anabwera kudzafunsa za moto, koma mudzi wonse unati unali kumaliro.

Mukanaganiza kuti zithera pomwepo. Koma likhweru silinaleke. Mapazi anapitiriza kuoneka m'mawa, ndipo tsopano sankapitanso kusukulu.

Madzulo ena ndikutsekera nkhuku, ndinaona Chikomeni akubwera wapansi, akukankha njinga yosaliza. Anali ataonda, maso atalowa. Anakhala pansi pafumbi, osadikira mpando.

"Dada, ndapota, mundimvere. Mapazi aja tinkaponda ndife. Tinkavula nsapato, dothi tinkanyowetsa ndi chigubu. Likhweru linali la msuweni wanga."

"Ndipo mawu aja?"

"Amenewo sindiwadziwa. Anangofika pa foni. Ife tinangoona kuti atithandiza."

"Nanga ukundiuziranji ine? Pita ukauze Esme. Kauze mudzi."

"Angandiphe. Dada, ife tinasiya tsiku la chisankho. Msuweni wanga ali ku Mzuzu. Koma mapazi akubwerabe. Dzulo anazungulira nyumba yanga, n'kuima pawindo pamene ndimagona."

"Ndi anzako akukuseweretsa."

"Ndawafunsa onse. Nawonso akuwapeza kwawo." Anatulutsa foni. "Ndipo kwabwera uthenga wina."

Mawu osasa aja anamveka pabwalo panga. Ankati mayi wa zala zofiira anali wantchito chabe. Ankati mfiti zenizeni ndi ana a m'mudzi momwemo, amene anayenda kumanda opanda nsapato, ndipo mudzawadziwa ndi ming'alu ya kuzidendene zawo. Chikomeni anabisa mapazi pansi pa njinga. Kumabulugama likhweru linayamba, lalitali, lotsika pang'onopang'ono.

Mnyamatayo anathawa usiku womwewo, ena amati ali ku Zambia. Mwini mawu sanadziwike mpaka lero. Ndauza akulu a mpingo zimene Chikomeni anaulula, ndauza khansala watsopano, ndauza aliyense wondipatsa moni. Amandimvera mwaulemu, n'kunena kuti yewo dada, kenako n'kuyang'ana mapazi anga. Ku Kanyenjere tsopano anthu amavala nsapato ngakhale popita kubafa.

Mwantumu ali moyo, ndinamva kuti ali kwa abale ake, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja sizipindikanso. Koma nkhani imene ikuyenda m'mafoni kuyambira ku Jenda mpaka ku Boma ndi yakuti mfiti ya ku Kanyenjere inagwidwa ndi magazi m'manja n'kuuluka anthu akuona. Ana akuiloweza imeneyo, ndipo chisankho china chikubwera. Ine mawu anga kuno salemera, ndine wa ku Joni. Ndikupempha wina wodziwa kulemba mabuku, amene anthu angamukhulupirire, apite ku Nkhotakota akamufunefune mayiyu. Akakhale naye pansi, akaone dzanja lakelo, alembe zimene zinachitika pamjigo paja monga mmene mwini wake anganenere.