Wamakala Wa Pa Foni Ya Prosper

Prosper anamunamiza Norah miyezi isanu ndi inayi, ndipo sindibisa dzina lake.

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Chirunga, onse atanyamula mabolodi a tchesi. Norah, mtsikana wa ku Zakazaka, anamva mawu ozuna tsiku lomwelo.

"Nyenyezi yanga, maso akowo andigonjetsa tisanasewere!"

Kenako kunabwera mpikisano waukulu pamwamba pa phiri la Zomba, wa akatswiri a ku Zambia, Kenya ndi Mozambique. Wopambana amapita kukasewera kunja. Masewero omaliza anagwera awiriwa.

M'mawa wa tsikulo uthenga wa Prosper unalowa: "Wapamtima, undisiyire lero. Ndikakabwerako, ankolo anga afika kwanu."

Norah anavomera mumtima. Chikondi si chimapusitsa?

Tsono mu holo ya tchesi salola foni. Prosper anali atalowa kale, yake atasiyira mayi wina wovala bwino pakhomo. Norah asanapereke yake kwa mlonda, analemba: "Ndikusiyira, wokondedwa wanga."

Foni inalira m'manja mwa mayi uja. Iye anayang'ana, nkutsonya.

"Taonani achemwali," anatero kwa Norah, osamudziwa. "Wamakala uyu akuvutitsa amuna anga. Wamakala amalemba wokondedwa?"

Norah anaona ndi maso ake. Nambala yake, dzina "Wamakala"!

"Ndinu akazi awo?"

"Ndine Monalisa, chaka chachitatu pabanja."

Misozi inabwera, koma Norah anaimeza. Analowa, nkukhala pampando.

"Usaiwale, switi," Prosper ananong'ona.

"Makala afika, achimwene. Muotha."

Nkhope ya Prosper inagwa. Norah anamudyera hatchi, nkumupanikiza pakona. Thukuta kamukamu kuzizira konse kwa kuphiri kuja! Prosper anagwira mfumukazi yake, nkuona kuti kulikonse ikapita idyedwa. Anaisiya msanga.

"Mwaigwira, muisunthe," anatero woyimbira masewero. "Lamulo ndi limenelo."

"Norah, tangogwirizana kuti tafanana mphamvu," anachonderera. "Ndimakukonda!"

"Sunthani."

Anasuntha. Norah anaidya, ndipo posakhalitsa mfumu ya Prosper inasowa kothawira. Holo yonse inawomba m'manja, wa ku Kenya mpaka kuimirira. Norah anatuluka chikho chili m'manja, nkumusiya Prosper akuchita chibwibwi pamaso pa Monalisa.

Pano ena ku Zakazaka akuti mtsikanayu ndi wouma mtima, akanamumvera chisoni mwamuna pagulu. Ine amuna anga ndinawaika m'manda asanandibisepo pa dzina la makala ngakhale tsiku limodzi. Ndiye inu mukuwerenganu, musangokhala duu. Akanamusiyira chifukwa chiyani? Ndiyankheni!