Kachiwala Asankha Makina Olemera

Uyu ndi Kachiwala. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amamutcha Kachiwala chifukwa sayenda bwinobwino. Amangodumphadumpha.

Kachiwala ali ndi kavuto. Mano ake ndi othithikana. Zakudya zimatsalira pakati pa mano. Mswachi sufikapo.

Kale, amayi ake ankamuthandiza. M'mawa uliwonse ankalowa naye m'bafa. Ankamugwira chibwano. Ankachotsa zotsalirazo ndi ulusi wa mano.

Tsopano amayi kulibe. Anamwalira chaka chatha. Kachiwala amawasowa. Amawasowa kwambiri m'mawa.

Ababa ake amawotcherera zitsulo. Zala zawo ndi zazikulu. Zala zawo ndi zokhakhala. Tsiku lina anayesa ulusi uja. Ulusi unaduka. Anayesanso. Nkhama za Kachiwala zinatuluka magazi.

Kuyambira pamenepo, ababa salowanso m'bafa. Amangoima pakhomo.

"Tsuka bwino," amatero. Kenako amapita kuntchito.

Kachiwala amafuna kuti ababa alowe. Amafuna wina aime pafupi naye. Koma sanena. Ababanso sayankhula zambiri.

Tsiku lina nkhama zinatupa. Ababa anapita naye kwa dokotala wa mano.

"Amamuthandiza ndani kutsuka pakati pa mano?" anafunsa adokotala.

Ababa anaonetsa zala zawo. "Izi n'za zitsulo, adokotala."

"Musadandaule," anatero adokotala. "Pali makina otsukira mano ndi madzi. Amapopera timadzi pakati pa mano. Mukagule. Mwana azitsuka yekha."

Yekha. Kachiwala sanawakonde mawu amenewo. Potuluka sanadumphe.

Anapita kusitolo ya mankhwala. Mayi wogulitsa anawalandira. Anali mayi wansangala, wa mawu ambiri.

"Takulandirani, bambo! Takulandira, mwanawe! Tikupatseni chiyani?"

"Makina a mano," anatero ababa. "Amadzi."

Mayiyo anatsitsa makina oyamba. Anali ndi chingwe chachitali.

Ababa anapukusa mutu. "M'bafa mulibe soketi ya magetsi."

"Ndiye mukufuna opanda chingwe, ongotchaja," anatero mayiyo.

Anatsitsa kamakina kena. Kanali kakang'ono. Kanali kachikasu. Kanalibe chingwe.

"Aka ndi ka ana. Tagwira, mwanawe."

Kachiwala anakagwira. Kanakwana bwinobwino m'dzanja lake.

"Mwaona? Ngati anachita kumuyeza!" anatero mayiyo. "Inu bambo mwapuma. Mwana azichita zonse yekha."

Ababa anagwedeza mutu. "Kali bwino."

Kachiwala anakabweza patebulo.

"Sindikukafuna."

"Chifukwa?" anafunsa ababa.

"Kakupepuka."

Mayi wogulitsa anawomba m'manja. "Iii, koma ana inu! Anzako amalira kulemera. Iwe ukulira kupepuka?"

Kachiwala anayang'ana m'mwamba. Pa shelefu yapamwamba panali makina ena. Anali aakulu. Anali otuwa. Nawonso analibe chingwe.

"Ndikufuna awo."

"Awo ndi a akuluakulu, mwanawe. Si okongola n'komwe. Thanki yake ndi yaikulu. Ukathiramo madzi, timanja takoto titopa."

"Ndikufuna omwewo."

Mayiyo anawatsitsa. Anathiramo madzi oyesera. Kachiwala anawanyamula ndi dzanja limodzi. Anapendekeka. Anawanyamula ndi manja awiri. Chala sichinafike pa batani.

"Waona?" anatero ababa. "Sungathe wekha."

"Eya, Ababa," anatero Kachiwala. "Sindingathe ndekha."

Ananena motsitsa mawu. Ananena akuyang'ana pansi.

Ababa anayang'ana mwana wawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Mayi wogulitsa anasiya kuseka.

Kenako ababa anatambasula dzanja. Anatenga makina aakulu aja. Anakwana bwinobwino m'dzanja lawo. Chala chachikulu chinagwera pa batani penipeni.

"Mayi," anatero ababa, "madzi ake angachepe mphamvu? Nkhama zake n'zanthete."

"Angachepe, bambo. Dinani apa."

Ababa anadina. Anapopera madziwo pamkono pawo. Anayesa kawiri. Anayesa katatu. Madzi anali ofewa.

"Tipatseni awa."

"Nanga kachikasu kaja?"

"Awa."

Kunyumba anawatchaja. Kachiwala ankapita kukawaona. Ankabwerako. Ankapitanso.

M'mawa kutacha, Kachiwala analowa m'bafa. Anatsuka mano ndi mswachi. Anamva mapazi. Mapaziwo anafika pakhomo. Anaima.

Kachiwala anadikira. Sanacheuke.

Mapazi aja analowa.

"Sendera," anatero ababa.

Bafa linali laling'ono. Ababa anali aakulu. Chigongono chawo chinagunda khoma. Anathira madzi ofunda m'thanki. Anadina batani msanga.

Tsuuu! Madzi anamenya galasi. Madzi anabwerera kumaso kwawo. Madzi anadontha m'ndevu.

Kachiwala anaseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Ababa! Muyambe mwaika m'kamwa!"

"Ndimayesa galasi," anatero ababa. Anapukuta ndevu ndi malaya. Nawonso anali kumwetulira.

Anayambanso. Kachiwala anaweramira pa sinki. Ababa anagwira makina ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linamugwira paphewa. Linali lolemera. Linali lofunda.

Madzi anayenda pakati pa mano. Dzino ili. Kenako ili. Kenako ili. Ababa ankayenda pang'onopang'ono. Magazi sanatuluke.

"Zikuwawa?"

Kachiwala anapukusa mutu.

Madzi anatha m'thanki. Ababa anathiramo ena. Panja panamveka hutala ya galimoto. Anali anzawo a kuntchito, odzawatenga.

"Ababa, muchedwa."

Hutala inaliranso.

"Ntchito sithawa," anatero ababa. "Yasamula, mwanangu. Tatsala ndi mano a m'munsi."