Damu Linanunkha pa Tsiku la Ubatizo

Ku komboni ya Kalingalinga, kuseri kwa msewu umene amisiri amayalamo mageti ndi mabedi achitsulo, kunali nyumba ya ba Kapambwe. Bambowo anali mmisiri wowotcherera zitsulo, ndiponso dikoni pa mpingo wawo. Akazi awo ankagulitsa ndiwo zamasamba pa msika. Anali ndi ana awiri: Chewe, mnyamata amene anali atangomaliza sekondale, ndi Nsama, kamtsikana ka ku pulayimale. Pakhomopo panalibe chuma, koma panalibenso phokoso. Ankadyera pamodzi, ndipo palibe ankayamba kudya dalitso lisanaperekedwe.

Ba Kapambwe anali ndi ntchito inanso. Anadzipangira kabwato ka malata okhuthala, kokwera anthu atatu, n’kukaika pa damu la pa famu ina cha ku Chongwe. Mwini famuyo, mayi wamasiye dzina lawo ba Namukolo, anawalola chifukwa ankawakhulupirira. M’damumo munali nsomba ya kamwa lalikulu ija imene odziwa kuwedza amaitcha basi. Loweruka lililonse anthu olemera a ku Kabulonga ankabwera ndi ndodo zawo zowedzera, ndipo ba Kapambwe ankawapalasira kukawasonyeza pomwe nsombazo zili.

Chewe anakulira m’kabwatoko. Atate ake anamuphunzitsa zonse.

“Iyi nsomba siyenda-yenda chabe,” ankatero. “Ili na nyumba yake. Kuseni uzaipeza ku bango, pamene manzi ali yafupi. Zuba ikakwera ithawira pansi, mu vitsa. Palasa mwakachetechete, osamenya nkhafi ku malata. Ukaona tunsomba tung’ono tudumpha, ziba kuti yaikulu ili kumbuyo kwawo.”

Anamusonyezanso kuponya mwala womanga ku chingwe kuti amve kuya kwa madzi ndi kupeza njira yakale ya mtsinje. Ndipo tsiku lina anamulowetsa m’kakhonde kopapatiza ka m’bango, komwe mabwato a injini sakanatha kudutsa. Kutsogolo kwake kunali dziwe lobisika lodzaza zitsa za mitengo yomira, pomwe kamtsinje kamathira m’damu.

“Apa ni pamene vibalira,” anatero ba Kapambwe. “Ukagwira yaikazi ya mazira, bweza. Ndipo malo aya ni yanga na iwe chabe.”

Chaka chimene Chewe anamaliza sukulu, geti lachitsulo linawagwera ba Kapambwe pa mwendo n’kuuthyola. Anabwera kuchokera ku chipatala ndi pulasitala mpaka m’bondo. Anaitana mwana wawo n’kumupatsa kiyi wa loko wa kabwato.

“Iwe ndiwe maso yanga pa manzi manje. Usanichititse manyazi kuli ba Namukolo.”

Koma Chewe anali atayamba kale khalidwe lina. Lachisanu ankalitha m’mashebini a ku Mtendere, kumwa kachasu ndi kubetcha mpira pa foni. Loweruka ankafika ku damu dzuwa litakwera, maso ali psuu, mkamwa mukununkha. Kupalasa kunkamuwawa. Ankangokankhira kabwato pansi pa mtengo woyandikira, n’kunena kuti, “Ponyani apa, bosi,” iye n’kuvundikira chipewa kumaso.

Bambo wina wotchedwa ba Clive, amene anawedza ndi ba Kapambwe kwa zaka zambiri, anapirira maulendo angapo osagwira kanthu. Kenako anawaimbira foni ba Kapambwe.

Madzulo ake ba Kapambwe anamufunsa mnyamatayo. “Ba Clive bakamba ati unagona mu bwato. Ni zoona?”

“Badadi, nsomba zinasila mu damu muja. Nizachita bwanji ine?”

“Zinasila? Kapena ni nkhafi yamene yakulemera? Chewe, ulesi suyenda weka. Uzakubweretsera munzake woipa kupambana.”

Chewe anangoyang’ana pa foni yake. Amayi ake, pofuna kumubweza, anamulembetsa m’kalasi ya ubatizo. Iye anavomera pofuna kuti asamuvutitsenso, ndipo ankakhala kumbuyo kwenikweni akuyasamula. Ba Kapambwe anakondwa kwambiri moti anapempha ba Namukolo kuti ubatizowo uchitikire pa damu lawo. Mayiwo anavomera, tsiku linaikidwa.

Munthu mmodzi amene Chewe ankamumvera anali Moven, mnyamata wa ku Mtendere wogulitsa mankhwala a nsikidzi ndi a makoswe m’mabotolo opanda zolemba. Ankamwera limodzi. Atamva kuti owedza asiya kubwera, Moven anaseka mpaka kutsokomola.

“Iwe boi, ndiwe wopusa. Uvutika kusakila nsomba monga mudala wako? Nsomba siisakiliwa. Iitaniwa.”

“Iitaniwa bwanji?”

“Nili na munkhwala wopopera tomato, wamene wamphamvu. Uthira pamene zili, zibwera zeka pamwamba. Iwe chabe kutola monga mango. Bazimai ba pa maketi bazatithamangira.”

“Nanga banthu bakadya?”

“Bazaphika! Mulilo upaya vonse. Iwe ziba chabe pamene zili zambiri.”

Chewe ankapadziwa.

Lachisanu loyandikira ubatizo, masana, antchito a pa famu ali kumunda, anyamata awiriwo anamasula kabwato. Tsiku limenelo Chewe anapalasa ndi mphamvu zimene sanasonyezepo kwa mlendo aliyense. Analowa m’kakhonde ka m’bango kaja, n’kufika pa dziwe la zitsa. Madzi anali mbee, moti nsomba zinkaoneka zitaima pansi pa nthambi.

Moven anatsegula chigubu. Fungo lake linali lobaya m’mphuno.

“Pang’ono chabe,” anatero Chewe.

“Pang’ono ni va bana,” anayankha Moven, n’kukhuthula chonse.

Madziwo anayera ngati mkaka wosasa. Posakhalitsa tinsomba tating’ono tinayamba kuzungulira pamwamba ngati toledzera. Kenako zinatuluka zazikulu, kamwa lili yasa, zikudzimenyetsa ku zitsa, zina zikutaya mazira m’madzi. Achule anayandama miyendo ili tambalale. Kamba wam’madzi anakwawira pa chitsa n’kufera pomwepo, khosi lili lende. Moven ankaimba mluzu akudzaza matumba. Chewe naye ankatola, manja akumuyabwa, osayang’ana kumene madzi oyerawo ankalowera. Kamtsinje kaja kanali kakuwakankhira pang’onopang’ono m’damu lonse.

Loweruka m’mawa nsombazo zinali pa misika ya Mtendere ndi Kalingalinga. Moven anazitsuka ndi kuziwaza madzi oundana kuti zioneke zatsopano. Zinatha msanga.

Madzulo a tsikulo Chewe analowa m’nyumba n’kumva fungo la nsomba yokazinga. Amayi ake anatuluka m’khitchini akumwetulira, atanyamula mbale. M’mbalemo munali basi wamkulu, wothira tomato ndi anyezi.

“Naigula pa maketi, yotchipa,” anatero. “Mailo mwana wanga ankhala munthu watsopano. Lelo tidye bwino.”

Chewe anaiyang’ana nsombayo. Anaizindikira ndi chipsera cha mbedza pa mlomo. Anali ataitola yekha ndi manja ake.

Ba Kapambwe anapereka dalitso, namutchula Chewe ndi dzina. Iwo anangolawa pang’ono chifukwa mankhwala a mwendo ankawachotsera njala. Amayi anadya. Nsama anapempha mutu, n’kumayamwa mafupa mosangalala.

“Iwe Chewe, sukudya?” anafunsa amayi ake.

Uwu ndiwo unali mpata womaliza woti aulule. Mawu atatu okha akanakwanira. Koma Chewe anaganiza za mbama ya atate ake, za manyazi, za Moven. Anayang’ana mlongo wake akunyambita zala.

“Nakhuta, bamami,” anatero. “Pasani Nsama yanga.”

Ndipo anamupatsadi.

Kutacha, Nsama anali akusanza zobiriwira, malovu akutuluka osaleka, thupi likunjenjemera. Amayi ake nawonso ankapotokola m’mimba, koma anamubereka mwanayo kumsana.

“Kapena ni malungo,” anatero. “Ine nipita naye ku kiliniki. Imwe yendani, mwana abatizike. Satana asatisokoneze lelo.”

Chewe anavala malaya oyera n’kukwera minibasi pamodzi ndi mpingo. Atate ake anakhala kutsogolo ndi ndodo zawo zoyendera. Amayi a kwaya anayimba njira yonse ya ku Chongwe.

Nyimbo inayamba kufa asanafike pa geti la famu. Mayi wina anatseka mphuno ndi chitenje. Wina anati mwina galu wafera m’ngalande. Koma minibasi itakhota n’kuona damu, onse anadziwa kumene fungo linkachokera.

Gombe lonse linali loyera ndi nsomba zowola. Zinali zitatupa ndi dzuwa, mimba zitaphulika, maso atatuluka. Zinaunjikana m’bango ngati zinyalala za pa msika mvula itagwa. Ntchentche zobiriwira zinkalira ngati makina. Mphutsi zinali zitayamba kale ntchito. Akakowa amene anadya nsombazo anagona m’matope mapiko ali tambasu, ndipo chapatali ana a ng’ombe awiri anali gone pomwe ankamwera, miyendo itauma. Malo amene abusa anasankha kuti aimepo pobatiza anali phala la mamba ndi mafuta. Mtsikana wina wa m’kalasi ya ubatizo anasanzira pa diresi lake loyera.

Ba Namukolo anali ataima pafupi ndi kabwato pamodzi ndi antchito awo. M’manja anagwira chigubu chopanda kanthu.

“Ba Kapambwe,” anatero, “ichi tachipeza pansi pa mupando wa bwato yanu. Loko siinathyoledwe. Bana ba banchito banga bamwa manzi aya. Nikuuzeni chani ine? Nenze nakukhulupirirani monga mubale wanga.”

Ba Kapambwe anatsamira pa ndodo zawo zoyendera. Anatsimphina mpaka m’mphepete mwa madzi, nayang’ana uku ndi uku. Anaona kuti nsomba zazikulu kwambiri zinali zitatsekereza pakamwa pa kakhonde ka m’bango kaja. Anatembenuka pang’onopang’ono.

“Chewe. Bwera kuno.”

Mnyamatayo anabwera, manja atawabisa kumbuyo.

“Onetsa manja.”

Khungu la m’zala linali litasupuka, lofiira ngati nyama.

“Unabatwala ku malo yanga?”

“Ni Moven, badadi. Ine ninakamba ati pang’ono chabe…”

“Nsomba munapeleka kuti?”

Chewe anaweramitsa mutu. “Ku maketi.”

Mpingo wonse unamva. Nkhope ya ba Kapambwe inasintha ngati munthu amene waponda chinthu chonyansa ndi phazi losavala.

“Ija ya dzulo. Yamene amai bako banaphika. Wenze uziba?”

Chewe anayang’ana kumbali.

“Nikufunsa iwe! Pamene wenze kupasa Nsama mbale yako, wenze uziba?”

“Nenze kuyopa, badadi.”

Ba Kapambwe anakweza dzanja, koma sanamumenye. Analitsitsa, n’kulipukuta pa buluku ngati lakhudza kale uve. Anatembenukira kwa abusa.

“Abusa, tumani foni ku kiliniki. Muwauze kuti si malungo, ni poizoni ya tomato. Bauzenso ba pa maketi.” Kenako anayang’ana ba Namukolo. “Itanani bapolisi, mayo. Nizachitira umboni ine mwine.”

Tsiku limenelo palibe anabatizidwa. Anthu anabwerera mawindo a minibasi ali otsegula, koma fungo linawakakamira m’zovala mpaka ku Kalingalinga. Chewe anatsala pa famu kudikira apolisi, atakhala pansi m’malaya ake oyera, ntchentche zikumutera, palibe womuyandikira.

Foni ya abusa ndi imene inapulumutsa Nsama, chifukwa madokotala atadziwa chimene anadya anamupatsa mankhwala oyenera. Anagona m’chipatala nthawi yaitali, ndipo anatuluka wowonda, manja akunjenjemera moti ankalephera kugwira pensulo. Mabanja ena a ku Mtendere anagonekedwanso. Nkhalamba ina ya kumeneko, imene inali yodwaladwala kale, sinadzukenso. Moven anathawa tsiku lomwelo, ndipo palibe akudziwa komwe ali. Mlandu wonse unagwera Chewe, ndipo khoti linamutumiza kundende. Ba Namukolo anatseka damu lawo kwa aliyense. Amayi a Chewe anasiya kugulitsa pa msika chifukwa anthu ankalambalala tebulo lawo.

Patapita miyezi, mayiwo anapita kukamuona. Anakhala moyang’anana, waya uli pakati. Chewe anali atada, mutu wometedwa. Analira, napempha kuti amukhululukire.

“Va damu ningamvese,” anatero amayi ake. “Ulesi, mowa, munzako woipa, ivo vichitika. Koma iwe unankhala pa tebulo yanga. Unatseka maso pa pemphero. Unaona mulongo wako adya imfa, ndipo unamuwonjezera. Nimayesa kukukhululukira siku iliyonse, Chewe. Mulungu anithandize. Koma nikakumbukira, mutima wanga uchita mseru.”

Belu lothetsa nthawi yocheza linalira. Mayiwo anaimirira, nasiya kaphukusi ka sopo kwa msilikali wa ndende, n’kutuluka osacheuka.

Wachinyamata iwe, Chewe sanayambe ndi chigubu cha poizoni. Anayamba ndi kukana kupalasa. Ulesi unamupezera bodza, bodza linamupezera Moven, ndipo pofika pa tebulo paja anali atazolowera kudzisankha yekha, moti anaona kuti n’chapafupi kuti mlongo wake afe kusiyana n’kuti iye achite manyazi. Gwira ntchito imene wapatsidwa ndi manja ako, ngakhale ikhale yochedwa. Thawa mnzako wokulonjeza zokolola zopanda thukuta. Ndipo ngati wachimwa kale, ulula lero, wina asanadye za tchimo lako.