Bwato la Pilirani M'kati mwa Nkhungu

Pilirani anali mtsikana wokhala ku Chipoka, m'mbali mwa nyanja. Iye ankafunitsitsa kupambana mpikisano wa mabwato. Mpikisanowu umachitika chaka chilichonse mvula ikatha.

Chaka chino anakwera bwato ndi mlongo wake wamng'ono, Yankho.

"Mukazungulire chigubu chachikasu icho, n'kubwerera," anatero bambo awo. "Koma iwe Pilirani, umusamale mwanayu."

"Ndamva, bambo."

Mnzawo Musa anali m'bwato lina. "Inu mufika mawa!" anawaseka.

Wezulo inalira. Pilirani anapalasa. Yankho anapalasa. Anapalasa mpaka kuzungulira chigubu chija.

Kenaka kunada. Chinthu chakuda ngati utsi chinadzuka panyanja.

"Nkhungu!" anthu anakuwa kumtunda.

Nkhungu ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono. Timatuluka m'madzi tambirimbiri.

Nkhungu zinakuta bwato. Zinalowa m'maso. Zinalowa m'mphuno. Zinalowa m'kamwa. Yankho anayamba kutsokomola.

"Achemwali, ndikubanika!"

Pilirani ananyowetsa chitenje chake. Anamufunditsa Yankho kumutu.

"Puma pang'onopang'ono. Ndili pompano."

Koma kumtunda n'kuti? Kutsogolo kunali bii. Kumbuyo kunali bii. Akapalasa molakwika, apita pakuya. Anafuna kuitana, koma nkhungu zinadzaza m'kamwa.

Ndiye anakumbukira. Bambo ake amagogoda bwato pothamangitsira nsomba mu ukonde. Phokoso lake limamveka kutali.

Pilirani anagogoda bwato ndi nkhafi. Gu! Gu! Gu!

Anamvetsera. Kunali zii.

Anagogodanso. Gu! Gu! Gu!

Chapatali kunamveka yankho. Gu! Gu! Gu! Anali bambo ake. Asodzi enanso anayamba kugogoda mabwato awo. Gombe lonse linalira.

"Kwathu ndi uko!" anatero Pilirani.

Koma kumbuyo wina ankalira. Anali Musa. Bwato lake linkalowera pakuya.

Pilirani sanapalase. Anagogodanso. Gu! Gu! Gu! Anagogoda mpaka mkono kuwawa. Kenaka bwato la Musa linagunda lawo.

"Tsatira phokoso langa," anatero Pilirani.

Anapalasa, nagogoda. Anapalasa, nagogoda. Pamapeto pake bwato linakhudza mchenga.

Bambo analowa m'madzi. Ananyamula Yankho. Anavundukula chitenje. Yankho anayetsemula, kenaka anaseka.

"Wamusamaladi," anatero bambo.

Ana ena anali atafika kale. Pilirani sanapambane. Musa anabwera atazyolika.

"Zikomo, Pilirani," anatero.

"Tafika lero, si mawa," anayankha Pilirani. Onse anaseka.

Mayi awo anali atagwira nkhungu zambiri ndi lichero lonyowa. Kunyumba anazikazinga, nathira mchere. Anaitananso Musa.

Yankho anatapa zambiri. Anatafuna mwamphamvu.

"Zimafuna kundidya," anatero. "Tsopano ndikuzidya ndine!"