Bata Limene Fakiri Anamuphunzitsa

Madina anakumana ndi Fakiri pa depoti ya basi pa boma la Nkhotakota, tsiku limene mtsikanayo anagwetsa lichero la mpunga chifukwa cha kunjenjemera kwa manja. Mnyamatayo anagwada n'kumuthandiza kuwola.

Manja a Madina anayamba kutero chithawireni mchimwene wake Kalilu. Kalilu anatsutsa akuluakulu pa msonkhano wa chipani, ndipo tsopano ankabisala kwa msodzi wina ku mtsinje wa Bua. Odziwa malowo anali Madina ndi mayi ake basi. Mtsikanayo sankapeza tulo, ndipo sankadya mokwanira.

Fakiri, amene ankati ndi telala wa ku Dwangwa, anayamba kubwera masana alionse. Ankakhala naye pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, n'kumuphunzitsa kutsinzina, kupuma pang'onopang'ono ndi kusuntha mikanda yopempherera ya tasibihi osayankhula. Maganizo akabwera, ankamuuza kuti awasiye adutse ngati bwato la eni.

Zinathandizadi. Madina anayambanso kugona, masaya anabwerera, ndipo mayi ake anamumva akuimba potsuka mbale.

"Duwa langa, iwe ndiwe wanga mpaka kumanda," ankatero Fakiri. "Tikangokolola mpunga, amalume abwera kwanu. Wallahi, ndikulumbira, sindidzakusiya."

Tsiku lina Madina atatsegula maso, Fakiri anamugwira dzanja n'kumuuza kuti bata lake silingakhalitse ngati akusungabe chinthu cholemera mumtima.

"Tula kwa ine, wokondedwa. Ndisenze ndine."

Kodi akanamubisira bwanji munthu amene anamubwezera tulo? Madina anatchula Bua, anatchula dzina la msodziyo, ngakhale pamene amakocheza bwato lake. Anabwerera kwawo mtima uli myaa.

Lachisanu lotsatira, anthu akutuluka mu mzikiti, galimoto yopanda nambala inadutsa pamsika pang'onopang'ono. Kumbuyo kunali Kalilu, manja omangidwa, mlomo wotupa. Kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, kunali Fakiri atavala jekete, akuseka ndi anzake. Maso ake anakumana ndi a Madina. Anangotembenuka n'kukweza galasi.

Madina anafika kunyumba osadziwa kuti wayenda bwanji. Anakhala pamkeka, anatsinzina, anayesa kupuma monga anaphunzirira, koma mpweya uliwonse unkabwera ndi mawu a Fakiri. Anaitaya tasibihi ija kuseri kwa mtsuko.

Mayi ake analowa, nkhani ataimva kale kumsika. Sanalire. Anakhala pamkeka pomwepo, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Mwananga, odziwa tinali awiri. Ine sindinauze munthu."