Sagwirika

Kabuku atafika kuchokera kusukulu anapeza lole itaima pageti. Mumpanda wa kuseri kwa nyumba munali amuna atatu, aliyense chingwe kumanja. Kahatchi kawo kanali katapanikizika pakona, kakunjenjemera, mwendo wakutsogolo uli m'mwamba. Mtsikanayo anaponya chikwama pansi n'kukaima pakati pa amunawo ndi kahatchiko.

Kahatchiko anakapulumutsa ndi malemu bambo ake kwa anthu amene ankakamenya, ndipo chibwerere palibe anakakhudzapo. N'chifukwa chake anakatcha Sagwirika. Munthu mmodzi yekha amene kankamulola pafupi anali Kabuku, amene dzina lakelo analipatsidwa kaamba kosasiyana ndi buku. Madzulo alionse ankakhala pakreti atakafulatira, ndowa ya madeya ili kumbuyo kwake, n'kumawerenga notsi zake mokweza. Kahatchiko kankabwera kudzadya, koma iye akangoti acheuke, liwiro. Kwa zaka zinayi Kabuku ankalakalaka atakasisita pakhosi ngakhale kamodzi kokha.

Amene anabweretsa lole anali amalume ake, amakanika. Mtima wawo unali wabwino, kungoti kwa iwo chilichonse chowonongeka chimakwezedwa pa lole. Anati kahatchiko kakudwala, kayenera kupita kuchipatala cha ziweto, ndipo mwana asalowerere za akuluakulu.

Mwamwayi dokotala wa ziweto, amene mayi ake a Kabuku anamuimbira foni, anatulukira nthawi yomweyo. Anali mayi wojintcha, wolankhula mosathamanga. Anatulutsa amuna aja mumpanda, kenako anayang'anitsitsa kahatchiko ali patali. Anafotokoza mosapita m'mbali kuti chiboda chinali chitawonongeka mpaka pafupa, kahatchiko kanali katakalamba, ndipo panalibe mankhwala oti n'kukachiritsa. Chotsala chinali kusankha mmene kangafere. Akanatha kukamanga ndi zingwe n'kukakweza pa lole, koma kakanafa kali ndi mantha aakulu. Apo ayi, akanathira mankhwala ogonetsa m'madeya, n'kukabaya jakisoni womaliza mumpanda momwemo katayamba kusinza.

"Palinso njira yachitatu," anatero Kabuku. "Kukasiya. Kamadya bwinobwino. Ine ndimakamva."

"Umakamva, inde," anayankha adokotala. "Koma unayamba wakaona kakubwera kwa iwe?"

Kabuku akanakaona bwanji, poti nthawi zonse ankakhala atafulatira?

Mawa lake linali Loweruka. Anatenga kagalasi koyang'anira ka mayi ake n'kukaika pakati pa buku, kenako anakhala pakreti n'kuyamba kuwerenga. M'kagalasimo anaona Sagwirika kakunyamuka pakona. Kanaponda kamodzi n'kuima, mutu uli pansi. Kanapondanso, thupi lonse n'kunjenjemera. Mtunda umene kale kankaudutsa iye asanamalize ndime imodzi, tsiku limenelo unakatengera masamba anayi. Kabuku anapitiriza kuwerenga, misozi ikugwera pabuku. Zinamuwawa kwambiri kuzindikira kuti masiku onsewa ankasangalala ndi phokoso la kutafuna, osadziwa ululu umene kahatchiko kankamva kuti kafike pandowapo. Anadziwanso chifukwa chenicheni chimene ankakanira: pakhomo pawo chinthu chamoyo cha bambo ake chinali chitatsala chokhachi.

Iye mwini ndi amene anaimbira adokotala. Anawauza kuti wavomera njira ya jakisoni ija, koma zichitike motsata malamulo a Sagwirika: pasakhale chingwe, pasakhale lole, ndipo wina asakayang'ane m'maso.

Choncho kwa masiku atatu anthu odutsa pamsewu ankaona zachilendo. Dokotala wathunthu, wophunzira mpaka kuyunivesite, ankakhala pakreti yachiwiri atafulatira wodwala wake, akumvetsera notsi za sayansi za Fomu 2. Tsiku loyamba kahatchiko sikanabwere. Lachiwiri kanafika pakati n'kubwerera. Lachitatu kanadya. Amalume aja poyamba ankaseka kuti chipatala cha masiku ano chasanduka kalasi, koma ataona zimenezi anabweza zingwe kugalaja. Anatenga fosholo n'kukakumba dzenje kumapeto kwa mpanda, mwakachetechete, osauzidwa ndi munthu.

Tsiku lachinayi masana, adokotala anasakaniza mankhwala m'madeya, Kabuku n'kuwonjezamo karoti wodula tizidutswa. Onse awiri anakhala pamakreti awo. Kabuku anawerenga ndi mawu ake a masiku onse, osathamanga, osanjenjemera. Kumbuyo kunamveka kutafuna, ndipo patapita nthawi kunangotsala kupuma kwapang'onopang'ono. Adokotala anasuzumira m'kagalasi kaja n'kunong'ona kuti kayamba kusinza.

"Ngati ukufuna kukasisita, nthawi yake ndi ino. Sikathawa."

Dzanja la Kabuku linanyamuka lokha pabuku. Zaka zinayi akudikira mphindi imeneyi! Koma analibwezera pomwe linali.

"Ayi, adokotala. Sikathawa chifukwa sikangathe, osati chifukwa kalola. Inu chitani ntchito yanu. Ine ndiziwerenga, kadziwe kuti zonse zili ngati masiku onse."

Adokotala anadzuka mosamala n'kupita kumbuyo. Kabuku anawerenga za mmene madzi amakwerera kuchokera kumizu kupita kumasamba. Atafika pakati pa tsamba lachiwiri anamva kahatchiko kakugona pansi paudzu, koma sanasiye. Anawerenga mpaka adokotala anamugwira paphewa n'kumuuza kuti katsikira kutulo osadzidzimuka ngakhale pang'ono.

Apo m'pamene anacheuka. Anagwada n'kuika dzanja pakhosi pa Sagwirika. Ubweya wake unali wofewa kuposa mmene ankaganizira, ndipo unali udakali wofunda. Analira ndithu, mayi ake atamukumbatira, koma mumtima munalibe chomutsutsa.

Amalume anabwera ndi fosholo paphewa, chipewa chili kumanja. Anaima pambali pa kahatchiko kwa kanthawi, kenako anafunsa Kabuku, mwaulemu ngati akufunsa munthu wamkulu, ngati tsopano angathe kukagwira.