Mawu Amene Kanjiwa Anasankha

Anakumana pa benchi yokonzera mafoni mkati mwa msika. Mtsikanayo, yemwe ankaphunzira utelala, anabwera ndi foni yosweka galasi. Mnyamata wokonza mafoni anamulonjera, n'kulonjeranso, mtsikana ali duu. Kenaka mtsikanayo analoza khutu lake n'kupukusa mutu. Matenda anamutseka makutu ali kusekondale.

Mnyamatayo anakonza foniyo, ndipo asanaibweze analembamo kuti: "Galasi ndasintha. Koma mtima wanga wang'ambika pompano, usoke ndiwe, telala."

Ndani sakanaseka? Kuyambira pamenepo mameseji sankatha.

"Wadzuka bwanji, Kanjiwa kanga?"

"Ndadzuka, Wamafoni. Ukutani?"

"Ndikuganiza za iwe mpaka ndadziwotcha chala. Kaya umve kaya usamve, ndiwe wanga mpaka kalekale."

Koma Kanjiwa sankakhutira ndi zolemba. Ankafuna kumva yekha Wamafoni akunena kuti amamukonda. Kodi mawu ake ndi otani? Ndi abesi? Nanga amanjenjemera akamatchula dzina lake?

Madokotala atamuchita opaleshoni n'kumuika kachipangizo kothandiza kumva, kena mkati, kena komata ndi maginito kuseri kwa khutu, iye anati basi zatheka. Ayi ndithu. M'chipinda mopanda phokoso ankamvako, ngakhale mawu a anthu ankamveka ngati zitini zikugubuduka. Koma kumsika ndi kudepoti ya mabasi, komwe ankakumana ndi Wamafoni, zonse zinkangosakanikirana. Choncho mnyamatayo anapitiriza kumuyang'ana kumaso n'kumayasamula kwambiri kuti aziwerenga milomo.

Tsiku lina atapita kuchipatala ndi mkulu wake, adokotala anamuuza nkhani yatsopano.

"Khalani pansi kaye, mwazungulira mokwanira m'chipinda muno," anatero adokotala. "Kachipangizo kanu tikaphunzitsa nzeru zina. Mukakapatsa mawu a munthu mmodzi kudzera pafoni, kamawaloweza. Mukakhala paphokoso, kamatsitsa zina zonse n'kukweza munthu ameneyo. Mwasankha ndani?"

Kanjiwa anali atatsegula kale kavidiyo ka Wamafoni akuitanira makasitomala.

"Amayi anavutika nawe miyezi yonse ija," mkulu wake anatero, "iwe lero wasankha wa mawaya?"

"Asisi, amayi ndimawamva kale. Amakuwa."

"Nanga mwiniwakeyo wamuuza?"

"Ndikufuna angoona ndamuyankha."

Madzulo a tsikulo ku shopu yomwe ankaphunzirako utelala sanasoke chilichonse cholongosoka. Anasoka mkono wa malaya chagada, n'kusomola, n'kusokanso chagada. Foni itanjenjemera anatsala pang'ono kugwetsa sizasi.

"Ndikudikira kudepoti ndikukweze basi, Kanjiwa kanga. Usachedwe, mtima ungaime."

Anathamanga. Kudepoti anthu anali pikitipikiti, mabasi akuliza mahutala, makondakitala akukokerana anthu. Anamuona Wamafoni ataima pafupi ndi chipilala, atamupatsa msana, foni ili kukhutu. Kanjiwa anayatsa nzeru zatsopano zija, n'kuyandikira monyang'ama.

Phokoso lonse linatsika ngati wina watseka chitseko. Panatsala mawu amodzi, ofewa, okhala ndi kabesi pang'ono. Anali okoma kuposa mmene ankalotera!

"Ndimakukonda, iwenso ukudziwa," mawuwo anatero.

Kanjiwa anagwira pamtima. Kodi wamuona kale? Koma Wamafoni sanatembenuke.

"Usakwiye, mayi a mwana, ndikubwera. Ndimukweze kaye basi kagonthi kaja. Aaa, iwe, kameneko n'kongondichotsa ulesi. Ngakhale kataima kumbuyo kwangaku sikangamve kanthu."

Kanjiwa anaima pomwepo. Wamafoni anaika foni m'thumba, n'kutembenuka, ndipo atamuona anamwetulira ngati masiku onse. Anawerama pang'ono, n'kuyasamula kwambiri.

"Wa-fi-ka, Ka-nji-wa? Ndi-ma-ku..."

"Musavutike kuyasamula, achimwene," Kanjiwa anatero. "Ndakumvani kale. Mwana ali bwanji?"

Wamafoni anayang'ana kachipangizo kuseri kwa khutu, n'kuyang'ana pansi.

"Iwe, si mmene ukuganizira. Amene uja ndi..."

"Muli ndi mawu abwino. Pitani, akudikira."

Anakwera basi yomwe inali pafupi osafunsa n'komwe kuti ikupita kuti. Wamafoni anathamangira pawindo, akugogoda galasi.

"Kanjiwa, tsika tikambirane. Ndilumbire? Ndiwe wekha, ndithu."

Kachipangizo kaja kanapitiriza ntchito yake mokhulupirika. Kanatsitsa injini, kanatsitsa anthu onse m'basimo, n'kumuthira mawu a Wamafoni m'khutu mwenimweni. Akanathawira kuti?

Anatsegula foni yake. Inamufunsa kuti: "Mukufunadi kufufuta mawu a munthu ameneyu?"

Anayang'ana pawindo kamodzi. Kenaka anadina.

Phokoso linabwerera lonse ngati madzi osefukira: mahutala, kondakitala, wailesi, khanda likulira kumpando wakumbuyo. Pakamwa pa Wamafoni pankangotseguka n'kutsekeka kuseri kwa galasi.

Mayi wina amene anakhala naye pampando anamugwira dzanja n'kunena kanthu. Kanjiwa anapukuta misozi, n'kutembenuzira khutu lake kwa iwo.

"Pepani amayi, sindinamve bwino. Tabwerezani."